Mutu 6: Kaundula Walowa M'phukusi

1. Kiyi wa Madamu

Lachisanu masana ana onse atathamangira kwawo, m'chipinda cha makompyuta munatsala anthu atatu. Munali Madamu, omwe ankaphunzitsa za makompyuta, ndi ana awiri a m'kalabu yawo. Wina anali mnyamata wamtali yemwe anzake ankamutcha Mlongoti. Winayo anali mtsikana wotchedwa Kamphepo. Dzinali sanam'patse ndi makolo ake ayi. Anam'patsa ndi anzake poona kuti mayeso amamaliza ena akulembabe tsiku, ndipo akatuluka m'chipinda chitseko sachitseka.

Kwa miyezi inayi ana a kalabuyi anali akulemba pulogalamu yotchedwa Ndilipo. Ntchito yake inali kuwerenga kaundula wa m'kalasi n'kunena kuti mwana uyu wajomba masiku angati, uyu wachedwa kangati. Inali laibulale, ndiye kuti chidutswa cha pulogalamu chomwe olemba mapulogalamu ena amatenga n'kulumikiza ku ntchito zawo, m'malo movutika kulemba okha. Anagwirizana kuti ikhale yotseguka, aliyense aitenge ulere, aiwerenge, aikonze ngati akufuna.

Loweruka m'mawa kunkabwera ana a makalabu a sukulu zina zitatu kudzaphunzira kuigwiritsa ntchito. Choncho Lachisanu limeneli pankafunika kuimanga kukhala phukusi n'kuitumiza ku nkhokwe ya pa intaneti, komwe munthu wa kulikonse amatsitsa phukusi polemba mzere umodzi wokha.

Ntchito isanayambe, kunabwera uthenga woti ahedi akufuna aphunzitsi onse kumsonkhano. Madamu anapumira m'mwamba. Anatenga kapepala, n'kulembapo zilembo ndi manambala ambirimbiri. Ameneyo ndiye anali kiyi wotumizira phukusi ku nkhokwe.

"Kamphepo, ndikukupatsa kiyi uyu chifukwa mbali yaikulu ya ntchitoyi walemba ndiwe," anatero Madamu. "Koma tamvetsera, ndipo manja uchotse kaye pa kiyibodi. Pulogalamu ikamayenda pa kompyuta yako sindiye kuti yatha. Ikuyenda chifukwa kompyutayo ili ndi zonse zomwe wakhala ukuunjikamo miyezi inayi. Munthu wakutali alibe zimenezo. Ndiye ulembe bwino pepala la phukusi: dzina, nambala, chilolezo, ndi malaibulale ena omwe yathuyi imadalira. Mafayilo olowa m'phukusi uwatchule imodziimodzi. Usauze kompyuta kuti itenge zonse za m'foda. Kompyuta ilibe manyazi, itenga ndi zinyalala zomwe. Ukamanga, ulitsegule phukusilo uone zomwe zalowa. Kenako ukaliyese pa kompyuta yapakona ija, yomwe sinaonepo Ndilipo chikhalire. Likayenda kumeneko, ndiye ulitumize. Udziwe kuti chomwe watumiza, anthu amayamba kutsitsa nthawi yomweyo."

"Ndamva, Madamu."

Atafika pakhomo, Madamu anatembenuka. "Nanga fayilo ija ya Lachitatu unafufuta?"

Lachitatu lapitalo Ndilipo inkakana kuwerenga kaundula wamkulu. Kuti apeze vuto, Madamu anam'bwereka Kamphepo kaundula weniweni wa kalasi yawo kwa ola limodzi. Munali mayina a ana onse, masiku omwe anajomba, ndiponso danga lomaliza lomwe aphunzitsi amalembamo zifukwa zomwe makolo anawauza mwamseri. Kamphepo ankangofuna manambala, kudanga lomalizalo sanayang'aneko n'komwe.

"Ndinafufuta, Madamu."

Sananame dala. Anafufutadi yomwe inali poonekera pa sikirini. Koma anaiwala kuti anakoperanso ina m'foda yoyeserera, ndipo inali idakali momwemo.

2. Makiyi a alonda

Pepala la phukusi Kamphepo analilemba mosavuta. Dzina, Ndilipo. Nambala, 1.0.0. Chilolezo chinali chonena kuti aliyense aitenge, bola asafufute mayina a oilemba. Anatchula mafayilo imodziimodzi monga anauzidwira, n'kulamula kompyuta kuti imange.

Phukusi linamangika, koma ataliyesa pa sikirini panatuluka malemba ofiira. Kafayilo ka masiku a tchuthi kanatsalira kunja. Anakaonjezera n'kumanganso. Malemba ofiira anabweranso, ulendo uno kanasowa ka mayina a miyezi.

Pakhomo panalira makiyi. Alonda a pasukulupo anasuzumira, chipewa chili chakumbuyo.

"Ana inu, faifi koloko ndikukhoma. Dzulo munandichedwetsa mpaka minibasi zonse zinadzaza. Lero sindimvera munthu."

Wotchi yapakhoma inkasonyeza kuti kwatsala mphindi makumi awiri.

Pawindo panaima mtsikana wina atanyamula mpira wamanja m'khwapa. Ameneyu anali Chigoli, mnzake wa Kamphepo wa ponda apa nane m'pondepo. Ankakhala desiki imodzi kuyambira ali ana. Timu ya sukulu inkadalira iyeyo, ndipo sankajomba mwachisawawa, kupatula tsiku limodzi mwezi uliwonse lomwe ankati amakathandiza azakhali ake kusitolo.

"Iwe, tiye tizipita," anatero Chigoli. "Kapena ukufuna akukhomere momwemo ugone ndi makompyuta akowo?"

"Ndidikire pageti, ndikubwera pompano."

Mlongoti anakokera mpando pafupi. "Tikhala tikutola kamodzikamodzi mpaka liti? Ingoiuza itenge zonse za m'foda. Ndi mzere umodzi basi."

"Madamu akana."

"Madamu ali kumsonkhano. Mawa alendo akabwera n'kupeza phukusi kulibe, wochita manyazi ndani? Ine ndidzangoti kiyi anali ndi Kamphepo."

Kamphepo anayang'ana wotchi, anayang'ana Mlongoti. Anafufuta mndandanda wonse uja, n'kulemba mzere umodzi wouza kompyuta kuti itenge zonse. Phukusi linamangika. Ataliyesa, malemba ofiira kunalibe.

Panatsala kulitsegula, ndiponso kukaliyesa pa kompyuta yapakona. Koma kompyuta imeneyo inali yachikalekale, kuti idzuke pankapita mphindi khumi ikung'ung'udza. Makiyi analiranso pakhonde.

"Likuyenda, ukufunanso chiyani?" anafunsa Mlongoti.

Kamphepo analemba kiyi wa Madamu, n'kudina. Posakhalitsa nkhokwe inayankha kuti yalandira Ndilipo 1.0.0. Mlongoti anatulutsa foni yake, n'kulembera pagulu la makalabu onse anayi kuti phukusi latuluka, aliyense atsitse.

3. Mpeni m'katoni

Kamphepo anafika kunyumba dzuwa lisanalowe. Bambo ake anali pakhonde atavula nsapato, akudzisisita msana. Ankagwira ntchito yolongedza katundu pakampani yonyamula makatoni. Mayi ake anali m'nyumba akusita.

"Ababa, lero nanenso ndamanga phukusi," anatero Kamphepo akuponya chikwama pampando. "Lanu limapita ndi lole. Langa lapita dziko lonse, nthawi imodzi."

"Eya, tayamba kupikisana," anaseka bambo ake. "Unalitsegula usanalimate?"

Kamphepo anayamba kumasula chingwe cha nsapato chomwe chinali chomasuka kale. "Linayenda bwinobwino."

"Sindinafunse ngati linayenda. Ndafunsa ngati unasuzumiramo."

"Nthawi inatha, ababa."

Mayi ake anayankhira m'nyumba. "Ameneyu nthawi imam'thera tsiku lililonse. Anabadwanso adokotala asanavale magolovesi."

Bambo ake sanaseke. Anamulozera pansi kuti akhale.

"Mwanangu, ine ndalongedza makatoni zaka khumi ndi zisanu. Chaka changa chachiwiri pantchito ndinalongedza katoni ya zovala za ana yopita kutali. Lole itanyamuka ndinafuna mpeni wanga wodulira tepi. M'thumba mulibe, patebulo palibe. Ndinadziwa nthawi yomweyo kuti ndausiya m'katoni, uli chitsegulire. Mnzanga wina anati, 'Khala chete, adziwa ndani kuti ndi wako?' Zoonadi, palibe akanadziwa. Koma katoni imeneyo akanaitsegula ndi mayi wina n'kupisamo dzanja, mwinanso mwana wake. Ndinapita kwa kapitawo kukadziulula. Anaimbira dalaivala, lole inaima panjira, anatsitsa makatoni makumi atatu kuti apeze imodzi. Dalaivalayo ananditukwana mpaka agogo anga omwe sanawaonepo. Kalata ya chenjezo ndinalandira, ili m'sutikesi umo mpaka lero. Chiyambire tsiku limenelo sindimata katoni ndisanasuzumiremo, ngakhale lole izichita kuliza hutala panja. Wolandira katundu sakuona nkhope yako. Akukhulupirira kuti zomwe wamutumizira ndi zomwe walemba pamwamba. Kuthamanga sikufika, mwanangu."

M'mutu mwa Kamphepo munayamba kudutsa mafoda onse a pa kompyuta yake, imodziimodzi. Atafika pa foda yoyeserera, anakumbukira kaundula uja yemwe anakoperamo Lachitatu.

Kunyumba kunalibe kompyuta, ndipo chipinda cha kusukulu chinali chokhoma mpaka m'mawa. Chakudya chamadzulo anangochigwiragwira.

4. Kompyuta yapakona

Seveni koloko isanakwane, Kamphepo anali ataima kale pakhomo la chipinda cha makompyuta. Alonda anabwera akuyasamula.

"Dzulo ndimakuthamangitsa, lero wandilawirira. Iwe mwana uli ndi kwanu?"

Kamphepo anawathokoza, n'kulunjika pakona. Anayatsa kompyuta yakale ija, n'kuima chiimire ikung'ung'udza. Itadzuka, analemba mzere wotsitsira Ndilipo kuchokera ku nkhokwe, monga momwe mlendo aliyense akanachitira. Phukusi linatsika, linalowa, linayenda bwinobwino.

Kenako anachita chomwe anayenera kuchita dzulo lake. Analitsegula. Pa sikirini panatuluka mndandanda wa zonse zomwe zinalowa. Anatsika nawo ndi chala. Chakumapeto, pansi pa foda yoyeserera, panali fayilo ya kaundula weniweni wa kalasi yawo.

Anaitsegula, mwina akuyembekeza kuti danga la zifukwa lija mulibe. Linalimo. Wina anajomba chifukwa cha maliro. Wina analibe yunifolomu. Wina bambo ake anamangidwa. Maso ake anatsetsereka mpaka pa dzina la Chigoli.

Panalembedwa kuti: "Amapita kuchipatala tsiku limodzi mwezi uliwonse kukalandira mankhwala. Mayi ake apempha kuti ana anzake asadziwe."

Kamphepo anawerenga kawiri. Zaka zonsezi, tsiku la kusitolo kwa azakhali likafika, iye ankam'lembera mnzakeyo manotsi n'kumamuseka kuti ndi waulesi. Misozi inalengeza m'maso. Anamva chisoni, anamvanso mantha aakulu, chifukwa chinsinsi chomwe Chigoli anabisira ngakhale iyeyo tsopano chinali pamalo pomwe munthu aliyense akanatha kuchitenga.

Anatsegula tsamba la nkhokwe. Pambali pa dzina la Ndilipo panali nambala yosonyeza kuti phukusilo latsitsidwa kangati. Inali 15.

5. Nzeru za Mlongoti

Mlongoti analowa akuimba mluzi. Ataona nkhope ya Kamphepo anasiya. Kamphepo anam'sonyeza dzina la fayilo pa mndandanda, koma fayiloyo anali ataitseka kale.

"Muli chiyani?" anafunsa Mlongoti.

"Zifukwa zojombera za kalasi yonse. Usandifunse zambiri."

Mlongoti anakanda pamutu. "Chabwino, usanjenjemere. Chotsa fayiloyo, umangenso, utumize. Latsopano likakhala pamwamba pa lakale."

Ulendo uno Kamphepo anatchula mafayilo imodziimodzi. Anamanga, anatsegula, anawerenga mndandanda wonse. Zonsezi zinam'tengera mphindi zisanu ndi ziwiri zokha, zomwe dzulo ankati alibe. Atatumiza, nkhokwe inakana. Inati Ndilipo 1.0.0 ilipo kale, ndipo nambala imodzi siilandira mapukusi awiri.

"Ndiye sintha nambala," anatero Mlongoti.

Analemba 1.0.1, ndipo nkhokwe inalandira. Koma pa tsamba lija, pansi pa phukusi latsopano, lakale linali pompo. Aliyense wolitchula nambala akanalitsitsa. Kamphepo anayesa kulifufuta. Nkhokwe inamuuza kuti kiyi wake ndi wotumizira basi, wofufuta ndi mwini wake wa tsambalo. Mwini wake anali Madamu.

Mlongoti anatseka chitseko, n'kutsitsa mawu. "Tamvera. Otsitsa kuyambira pano atenga latsopano. Lakalelo palibe alifune. Ndani amatsegula phukusi kuti aone zam'kati? Iwe mwini wake sunatsegule. Ukangowauza Madamu, nkhani ifika kwa ahedi. Madamu alowa m'mavuto chifukwa fayilo anakupatsa ndi iwowo. Kalabu aitseka. Iwe akuchotsa, mwinanso akuuza ukatenge makolo. Ukatseka pakamwa, tonse tapulumuka."

"Nanga omwe atsitsa kale?"

"Sadziwa kuti ali nayo."

Kamphepo anayang'ananso tsamba lija. Nambala ya phukusi lakale inali itafika pa 17. Anthu awiri analitsitsa iye ali kalikiliki kumanga latsopano.

Panja panamveka nsapato za Madamu. Analowa atakumbatira mawaya amagetsi, nkhope ili yowala.

"Ndaona uthenga pagulu. Mwagwira ntchito, ana anga. Alendo afika naini koloko, ndipo ndikufuna Kamphepo ayambe ndiye kulankhula."

Mlongoti anam'ponda Kamphepo phazi pansi pa tebulo. Kamphepo anachotsa phazi lake, n'kuimirira.

"Madamu, ndalakwitsa. Dzulo ndinauza kompyuta kuti itenge zonse za m'foda. Phukusi sindinalitsegule, ndipo pakona sindinaliyese. Kaundula uja wa Lachitatu walowa m'phukusi. Atsitsa anthu khumi ndi asanu ndi awiri."

6. Manja khumi ndi awiri

Madamu anaika mawaya pansi pang'onopang'ono. Sanakalipe. Anakhala pa kompyuta yawo, analowa m'tsamba la nkhokwe, nafufuta Ndilipo 1.0.0. Atatsimikiza kuti yachokadi, ndi pomwe anatembenuka.

"Danga la zifukwa wawerenga?"

"Ndawerenga, Madamu."

Madamu analankhula, mawu ali pansipansi.

"Woyamba kulakwa ndine. Fayilo imeneyo sinayenera kuchoka pa kompyuta yanga, ngakhale kwa mphindi imodzi. Makolo anandiuza zinthu zimenezo atatseka chitseko, ena akulira. Ndikadzinenera ndekha kwa ahedi lero lomwe, ndipo zomwe andichite ndilandira. Koma nawenso umve, Kamphepo. Ndafufuta ku nkhokwe, koma sindingalowe m'makompyuta a anthu. Madzi akatayika saoleka. Palinso makina ena omwe ntchito yawo ndi kukopera phukusi lililonse latsopano likangofika, ndipo eni ake sitiwadziwa. Pulogalamu yotseguka ndi chinthu chabwino. Koma chomwe timatsegulira anthu ndi ntchito yathu, yomwe tasankha tokha kugawa. Moyo wa mwana wa mnzathu si wathu, sitingaugawe. Ukanakhala chete lero, fayiloyo ikanakhala kumeneko zaka ndi zaka, ine osadziwa, eni ake osadziwa. Wachita bwino kunena. Koma kunenako sikukubweza zomwe zatuluka. Bweretsa kiyi uja."

Kamphepo anapereka kapepala kaja. Madamu anayang'ana Mlongoti, yemwe maso anali pansi.

"Nawe tikambirana. Ndikudziwa kuti sunali chete dzulo."

Naini koloko alendo anadzaza chipinda, ena atanyamula malaputopu, aphunzitsi awo ali kumbuyo. Kamphepo anayambadi ndiye kulankhula, koma osati mawu omwe anakonzekera sabata yonse.

"Dzulo ndinatumiza phukusi ndisanalitsegule," anatero. "Mwalowa fayilo ya anthu yomwe siyenera kuonedwa ndi wina aliyense. Wolakwa ndine. Ndikupempha aliyense amene anatsitsa 1.0.0 akweze dzanja."

Manja anayamba kukwera, limodzi, atatu, asanu ndi awiri. Madamu anawerenga mokweza mpaka khumi ndi awiri. Atafunsa ngati alipo anatsegula fayiloyo, onse anapukusa mitu. Madamu anazungulira laputopu iliyonse, akufufuta okha ndi manja awo. Omwe anatsitsira pa makompyuta a kusukulu kwawo, aphunzitsi awo analonjeza kukafufuta tsiku lomwelo.

Manja khumi ndi awiri, kuonjezera Mlongoti yemwe anatsitsa kunyumba pa laputopu ya achimwene ake, ndi Kamphepo mwini pa kompyuta yapakona, anakwana khumi ndi anayi. Atatu sanadziwike.

Pa nthawi yopuma Kamphepo anawatsatira Madamu pakhonde.

"Madamu, ndiloleni Chigoli ndikamuuze ndekha. Ali kubwalo, timu ikukonzekera."

Madamu anam'yang'ana. "Makolo a ana onse ndiyamba kuwayendera masana ano, ndipo ndiyambira kwawo kwa iyeyo. Koma pita, ndi bwino amvere kwa iwe. Chinthu chimodzi chokha. Usapite kukafuna kuti akukhululukire kuti iwe upepukidwe. Upite kukamuuza zoona. Akakutukwana, uime pomwepo umvere. Akakhala chete, usam'kakamize kulankhula."

7. Kubwalo

Timu inali pabwalo ikuponyerana mpira, koma Chigoli sanali nawo. Anali atakhala yekha pabenchi kuseri kwa chipinda chosinthira, nsapato imodzi atavala, ina ili pansi. Foni inali m'manja.

Kamphepo anaima patsogolo pake. Sanayambe ndi moni. Anafotokoza zonse monga zinayendera: za fayilo ya Lachitatu, za mzere umodzi uja, za manja khumi ndi awiri, ndi za atatu osadziwika. Dzina la Mlongoti sanalitchule.

Chigoli anamvetsera osaphethira.

"Iwe wawerenga?" anafunsa.

"Ndawerenga."

"Zaka zitatu," anatero Chigoli pang'onopang'ono. "Zaka zitatu ndakhala ndikudzuka m'mamawa tsiku limenelo, kukwera minibasi yoyamba kuti pamzere asandione munthu wondidziwa. Mabotolo a mankhwala ndimachita kumatula mapepala. Iwe ndinkafuna kukuuza. Ndinakonza kuti ndikuuze tikamaliza mayeso, ndi pakamwa panga, tili awiri. Ngakhale zimenezo wandilanda."

"Pepa, Chigoli. Ndinathamanga."

"Umathamanga masiku onse. Ndimangoseka."

Kamphepo anafuna kunena kuti mwina atatu aja ndi makina chabe, mwina palibe munthu watsegula. Asanatsegule pakamwa, Chigoli anam'tembenuzira foni.

"M'mawa wonse ndakhala ndikudzifunsa kuti zachokera kuti. Ndinayamba kukayikira mayi anga omwe."

Pa sikirini panali uthenga wochokera ku nambala yomwe Chigoli analibe dzina lake. Unabwera eiti koloko m'mawa womwewo. Unali waufupi: "Kusitolo kwa azakhali amagulitsanso mapiritsi? Tionana Lolemba."

Kamphepo anayang'anitsitsa nambalayo, milomo ikuyenda poiloweza pamtima.

Chigoli anavula nsapato inatsala ija, anaziika zonse m'chikwama, n'kuvala masilipasi. Kubwalo mphunzitsi wa timu ankaitana dzina lake. Iye sanacheuke.

"Usanditsate," anatero. "Ndipo Lolemba usandisungire malo."

Anadutsa kuseri kwa makalasi, njira yosadutsa pabwalo, mpaka anatuluka pageti.

Kamphepo anakhala pabenchi paja. Anatulutsa foni yake, anatsegula gulu la makalabu, n'kuyamba kutsika ndi mndandanda wa manambala. Alendo a sukulu zina anawadutsa onse, nambalayo panalibe. Anaipeza chakumapeto, pakati pa ana a kalabu ya sukulu yawo yomwe.

Inali ya mtsikana wa m'kalasi mwawo, yemwe sanabwere m'mawa umenewo, amene amakhala desiki yakumbuyo kwenikweni kwa Chigoli.